Musanathire Oyilo mu Nissan Ija, Werengani Kaye

Pretoria West,
South Africa

Okondedwa Achimwene,

Ife kuno tili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chabwera ndi ukali. M'mawa timapeza udzu uli mbuu, ndipo sipanala ukaigwira imachita kuluma m'manja. Ndikudziwa kuti ku Bembeke nakonso mwezi uno wa Juni simuchedwa kulowa m'nyumba. Amayi muwauze kuti bulangete lomwe anandipempha lija lili m'katundu, pamodzi ndi mankhwala opaka m'mawondo.

Katunduyo ndapatsira mnyamata wa thiransipoti yemwe uja anakubweretserani matayala. Adzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, n'kudzalowera pa boda ya Dedza, ndiye akuimbirani akangowoloka. M'katoni yaing'ono yomata ndi tepi yofiira muli camshaft yatsopano, ma tappet onse 8, magasiketi, ndi kachubu ka phala lakuda bii lopaka pomanga injini. Kachubuko mukasunge pabwino, ana asakaseweretse. Ntchito yake ndifotokoza kutsogoloku.

Chomwe chandikhazika pansi kuti ndilembe kalata, m'malo mongoyankha pa WhatsApp, ndi mawu anu aja. Munati galimoto ya malemu bambo ikatuluka ku ovaholo mukufuna muisangalatse, ndiye mwaigulira kale oyilo wodula wa 5W-30, yemwe mnzanu wa Toyota Sienta amathira. Mtima wanu ndaumva, ndipo wandikhudza, chifukwa inenso galimoto imeneyo ndimaiona ngati m'bale. Ndi imene inatiphunzitsa sukulu ndi ndalama za kachewere ndi kabichi. Koma chonde, chigubu chimenecho musatsegule. Oyiloyo ngwabwino ndithu, koma sanamupangire injini yathu, makamaka pano pamene tikuika camshaft yatsopano.

Ndiyambire pa injiniyo. Nissan 1400 ankaipanga konkuno ku Rosslyn, kufupi ndi komwe ndimakhala, mpaka chaka cha 2008. Ngakhale zili choncho, injini yake ya A14, ya 1397 cc, kapangidwe kake n'ka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Camshaft yake ili m'munsi, mu block, ndipo ili ndi malo 8 otukuka omwe timati ma lobe. Ikamazungulira, lobe imakankha tappet, tappet n'kukankha pushrod, pushrod n'kukankha rocker, rocker n'kutsegula valavu molimbana ndi sipuling'i. Tsono pansi pa tappet yathu palibe kawilo. Chitsulo chimangokhulana ndi chitsulo chinzake, ndipo pa injini ikuyenda 3000 rpm, lobe iliyonse imadutsa pa tappet yake ka 1500 pa mphindi imodzi.

Kwina konse m'injini oyilo amakwanitsa kulekanitsa zitsulo. Pa ma bearing a crankshaft, pampu imakankhira oyilo pakati, chitsulo n'kumayandama osakhudza chinzake. Pa nsonga ya lobe zimenezo sizitheka bwinobwino. Malo okhudzanawo ngochepetsetsa, mphamvu yonse ya sipuling'i imathera pomwepo, ndiye oyilo amafinyidwa n'kutsala pang'ono kutheratu. M'injini yonse palibe pena pomwe chitsulo chimapanikizika chotere. Kuwonjezera apo, oyilo amafika pa ma lobe mochita kuwazidwa ndi crankshaft ikamazungulira, kotero injini ikamalira pang'onopang'ono pamafika wochepa. Injini zambiri za masiku ano anaziikira timawilo pamalo amenewa, kapena masipuling'i ofewa ndi zitsulo zokutidwa mwapadera, n'chifukwa chake sizidandaula.

Chomwe chakhala chikupulumutsa injini zamtundu wathuwu kuyambira m'ma 1940 ndi mankhwala ena omwe amasakaniza mu oyilo, otchedwa ZDDP. Amakaniko kuno amangoti zinc. M'mankhwalawa muli zinc, phosphorus ndi sulphur. Amagwira ntchito modabwitsa, Achimwene. Pamene zitsulo zakhulana n'kutentha, mankhwalawa amasungunukira pomwepo n'kupanga kakhungu kolimba pamwamba pa chitsulo, kopyapyala kuposa tsitsi maulendo mazanamazana. Kakhunguko ndi kamene kamaperepeseka m'malo mwa chitsulo, ndipo kakatha kamapangikanso kena, malinga mankhwalawo akadalimo mu oyilo. Dzina lotchuka ndi la zinc, koma pa nkhani yoteteza chitsulo, nambala yofunika kuiyang'ana kwambiri ndi ya phosphorus.

Mwina mufunsa kuti ngati ndi abwino choncho anawachepetseranji. Nkhani yake ili ku ekizozi. Galimoto zamakono zili ndi chipangizo chosefa utsi chotchedwa catalytic converter, ndipo phosphorus akapsa pamodzi ndi oyilo wochepa amene injini iliyonse imadya, amakamatirira m'chipangizocho n'kuchipha pang'onopang'ono. Choncho mabungwe oyika malamulo a oyilo, API ya ku America ndi ILSAC yomwe ndi ya opanga galimoto a ku America ndi Japan, anayamba kutsitsa malire. Muyezo wake ndi ppm, kutanthauza magawo angati pa miliyoni. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 malire anali 1200. Pofika nthawi ya oyilo wa SJ cha m'ma 1996 anatsika kufika 1000. Mu 2004, atatulutsa SM, anafika 800, ndipo SN ya 2010 ndi SP ya 2020 zinakhala pomwepo. Malire amenewa amamanga oyilo wopepuka uja, 0W-20, 5W-30, 10W-30 ndi anzake. Chigubu chanucho chili m'gulu limenelo. Nissan yathu ilibe converter yoti tiiteteze, ili ndi kabureta ndi paipi basi, ndiye tikathira oyilo ameneyu tikhala tikuluza chitetezo popanda chomwe tikupindula.

Inu ndinu mlimi, ndiye izi simuvutika nazo. Pogula fetereza wokulitsa simuyang'ana kukongola kwa thumba. Mumawerenga manambala aja, 23:10:5+6S+1.0Zn, ndipo onani kuti phosphorus, sulphur ndi zinc ali pomwepo. Mumadziwanso kuti akachepa chimanga chimafooka, akachuluka pa phando chimapsa. Oyilo naye muzimugula choncho, potembenuza chigubu n'kuwerenga kumbuyo. Injini ngati yathu, ya masipuling'i a kufakitale, imakhala bwino ndi phosphorus wapakati pa 1000 ndi 1200 ppm. Anyamata omwe amaika camshaft yothamangitsa ndi masipuling'i olimba ndiwo amafuna 1200 mpaka 1400.

Nkhani yosangalatsa njakuti oyilo woyenera ndi amene ali wotsika mtengo, ndipo kumudziko amapezeka m'ma filing'i siteshoni. Funani 20W-50 wolembedwa API SL, kapena zilembo zam'mbuyo mwake monga SJ ndi SG. Oyilo wolemera chotere samangidwa ndi malire a 800 aja, ndipo ndi amene injini imeneyi yakhala ikumwa moyo wake wonse. Mukalephera ameneyo, tengani 15W-40 wa malole a dizilo wolembedwa CI-4, makamaka amene alembaponso SL pambali pake, kusonyeza kuti amaloledwa mu injini ya petulo. Oyilo wa dizilo wotereyu amakhala ndi mankhwalawa okwanira chifukwa injini za malole zimagwira ntchito yakalavulagaga. Ngakhale wa CJ-4, amene anabwera mu 2006, malire ake ndi 1200. Kwa inu a ku Dedza, komwe m'mawa wa Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, 15W-40 ali ndi ubwino wina wakuti amayenda msanga injini ikadali yozizira.

Opewa ndi awa: aliyense wolembedwa Resource Conserving kapena Energy Conserving, komanso wa chilembo C cha ku Ulaya, monga ACEA C2 kapena C3, chifukwa amenewo anawachepetsa dala phosphorus ndi sulphur kuti ateteze zosefera utsi. Koma zilembo pazokha sizinena zonse. Zigubu ziwiri zikhoza kulembedwa 20W-50 SN, china n'kukhala ndi mankhwala ambiri, china ochepa, malinga ndi wopanga. Makampani ena amalemba nambala ya zinc ndi phosphorus pa pepala lofotokoza za oyilo wawo lomwe limakhala pa intaneti. N'chifukwa chake ndikupempha kuti mukapeza chigubu, mujambule kutsogolo ndi kumbuyo komwe munditumizire musanalipire, ine ndifufuze kuno.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso anga pagalaji pathu posachedwapa. Kunabwera bambo wina wachikulire wochokera cha ku Brits ndi Ford Cortina bakkie ya 3000 V6, yosamalidwa bwino, penti ili waliwali. Injini anamangitsa kwina, ndipo ndalama zinapita zambiri. Pasanathe mwezi inayamba kugogoda pamwamba, kenako kuphulika m'kabureta, mphamvu n'kutheratu. Titaitsegula, camshaft ndinaitulutsa ndi manja angawa. Ma lobe awiri anali atadyeka mpaka kukhala ozungulira, ukayendetsa chala osamva pokwera paliponse. Pansi pa ma tappet ake panali patakumbika, moti nditadonthezapo oyilo, dontholo linangokhazikika pakati osayenderera. Oyilo wa m'sampu tinamuthira m'beseni loyera n'kupita naye padzuwa, ndipo anali ngwee ndi tizitsulo. Tizitsulo timeneto tinali titazungulira kale injini yonse, ma bearing onse atakandika, pampu ya oyilo nayo itatha. Titawafunsa bwinobwino, anati tsiku loyamba injiniyo anaisiya ikulira pa idle kwa ola lathunthu kuti izolowere, ndipo m'kati munali 5W-30 wodula. Bamboyo anakhala pa benchi nthawi yaitali osayankhula. Galimotoyo inali ya malemu mchimwene wake. Ndinamva chisoni kwambiri, ndipo maganizo anga anathamangira kwa inu.

Kunena chilungamo, sikuti oyilo yekha ndiye anapha camshaft imeneyo. Mkulu wathu wapagalaji, amene wagwira injini zimenezi zaka zochuluka kuposa ine, amati nkhani ya zinc anthu amaikokomeza, ndipo pena amanena zoona. Camshaft yakale yomwe inazolowerana kale ndi ma tappet ake, pa masipuling'i ofewa, imatha kuyenda zaka pa oyilo wa 800 ppm osadandaula. Ma camshaft ambiri amafa chifukwa cha ma tappet achitsulo chachabechabe, kapena chifukwa choyambitsa injini molakwika tsiku loyamba. Pamenepo ndimagwirizana naye. Pomwe timasiyana m'pakuti ine ndimati zitsulo zikakhala zatsopano, zisanasalalitsane, ndi pamene zimafuna chitetezo chonse chomwe chingapezeke, ndipo palibe chifukwa chochepetsera chitetezocho pomwe oyilo woyenera ndi wotchipa kale.

Tsono mundimvetse bwino za tsiku loyambalo, ndipo ndime izi muwawerengere amakaniko anu a pa boma aja mawu ndi mawu. Ndikudziwa kuti ndi mmisiri wodziwa ntchito, ndipo sindikuwaderera, koma chizolowezi chofala kwathu n'chakuti injini yatsopano iziyamba ndi kulira pang'onopang'ono. Kwa ma piston mwina sizipweteka kwenikweni. Kwa camshaft ya mtundu uwu ndi imfa.

Ma tappet akale onse achoke, ngakhale ena akuoneka abwino. Tappet imazolowerana ndi lobe yake yokha, ndipo yakale ikaikidwa pa camshaft yatsopano imaidya. Tengani ma tappet awiri atsopanowo muwagundanitse kunsi kwake, muona kuti akugwedera pang'ono. Si kulakwika kwa fakitale ayi. Pansi pake anapapanga motukuka pang'onong'ono, ndipo lobe nayo anaipendeketsa pang'ono, cholinga chakuti tappet izizungulira m'dzenje mwake ikamakankhidwa, isamadyeke malo amodzi. Choncho asawapale ndi sandipepa pofuna kuwasalaza. Aonetsetse kuti tappet iliyonse ikuzungulira momasuka m'dzenje mwake ndi chala chokha. Phala lakuda lija apake mokwanira pa lobe iliyonse ndi pansi pa tappet iliyonse. M'mbali mwa tappet apake oyilo wamba, chifukwa phalalo ndi lolimba, lingailepheretse kuzungulira.

Asanalize, zonse zikhale zokonzeka: taiming'i itchedwe bwino, petulo afike m'kabureta, batire ikhale yodzaza, madzi akhale m'rediyeta, fyuluta ya oyilo aithire kaye oyilo asanaimange. Cholinga n'chakuti injini igwire msangamsanga, chifukwa kupukusa sitata nthawi yaitali kumapukuta phala lija pa ma lobe oyilo asanafike. Ikangolira ndipo getsi la oyilo lazima, aikweze nthawi yomweyo kufika pakati pa 2000 ndi 2500 rpm, n'kuisunga pamenepo kwa mphindi 20 mpaka 30, akumakweza ndi kutsitsa pang'ono m'kati mwa malire omwewo. Yathu ija ilibe wotchi yoonetsa ma rpm, ndiye abwereke kachipangizo koyezera kwa anzawo a zamagetsi. Wina akhale akuyang'ana geji ya kutentha, wina pansi ngati pakudontha. Pakaoneka vuto lililonse, azimitse. Asatsitsire pa idle kuti aganize kaye. Akakonza, alizenso n'kupitiriza pomwe analekera. Phokoso lidzakhala lalikulu ndipo anthu odutsa adzati mukuipha galimoto, koma inu musatekeseke.

Zikatha izi, oyilo ameneyo achoke akadali wotentha, ndi fyuluta yomwe. Ndikudziwa kuti zikupweteka kutaya oyilo amene wangogwira theka la ola mmene zinthu zadulira kumudziko, koma muli phala lija ndi tizitsulo toyamba. Thirani wina watsopano, muyende makilomita pafupifupi 800 osasenza katundu wolemera, n'kusinthanso. Kuchokera apo muzisintha pa makilomita 5000 alionse. Mankhwala a ZDDP amatha akamagwira ntchito, ndipo injini ya kabureta imatsitsira petulo pang'ono m'sampu, kuphatikiza fumbi la misewu ya kumunda ija. Oyilo wabwino amene wakhalitsa amasanduka woipa.

Pali kanthu kena kosavuta komwe mungaone nokha. Injini ikamaliza mphindi 30 zija, atsegule chivundikiro cha pamwamba, adontheze penti yoyera pa pushrod iliyonse, n'kuiliza kanthawi kochepa. Madontho onse 8 muwaone akuzungulira, ena mofulumira ena pang'onopang'ono. Pushrod yomwe yangoima osazungulira ikukuuzani kuti tappet yake nayo yaima, ndipo lobe imeneyo sikhalitsa. Mpata wa mavalavu pa A14 ndi 0.35 mm injini ili yotentha. Autchere, mulembe m'kabuku, ndipo muyezenso posintha oyilo pa 800 paja. Ngati valavu imodzi mpata wake ukungokulirakulira pomwe zinzake zili chimodzimodzi, imitsani galimoto mundiimbire, isanawaze tizitsulo injini yonse.

Wina adzakuuzani kuti ingogulani kabotolo ka zinc kowonjezera muthire mu 5W-30 muli nayeyo, nkhani ithe. Ine sindivomereza. Opanga oyilo amayeza mankhwala osiyanasiyana kuti agwirizane, oteteza chitsulo, otsuka mwaye, oletsa thovu, ndipo ena mwa iwo amalimbirana malo pa chitsulo chomwecho. Ukathiramo kabotolo sudziwa kuti wafika pa nambala iti. Kupyola cha m'ma 1400 palibe chowonjezereka chomwe injini yathu ingapindule, ndipo ukayandikira 2000 mankhwala omwewo amayamba kudya chitsulo, camshaft n'kuchita tizibowo. Oyilo wa mpikisano wa galimoto nayenso musamuthamangire ngakhale atalembedwa zinc wambiri. Wina amakhala ndi mankhwala otsuka ochepa chifukwa amayenera kutayidwa mpikisano ukangotha.

Chomwe ndikuopa kwambiri kuposa zonsezi ndi oyilo wopungula uja wa m'mabotolo a zakumwa amene amagulitsidwa m'misika ndi m'mbali mwa msewu. Alibe chizindikiro, alibe nambala, ndipo wina amakhala wogwira kale ntchito amene angomusefa kuti aoneke woyera. Mumenemo mankhwala oteteza anatha kalekale. Gulani chigubu chomata, muone kuti chitsekerero sichinatsegulidwepo, ndipo mutsegule nokha. Amalume muwauzenso zomwezi za injini ya chigayo chawo, chifukwa nayo ndi ya ma tappet omwewa. Iwo 15W-40 wa dizilo awakwanira.

Chigubu cha 5W-30 chija musadandaule nacho. Mnzanu wa Sienta achigula mosangalala chikakhala chosatsegula, ndipo ndalama yakeyo ikuthandizani kwambiri pogula oyilo wa maulendo awiri oyambawa.

Ndamva kuti mwana wathu wamkulu akulemba mayeso a Fomu 4 posachedwa. Mumuuze kuti alimbikire, ndipo akamaliza akhalepo tsiku lomanga injini, aone ndi kugwira yekha. Ali ndi manja abwino mwana ameneyo, ndinaona mmene anakonzera njinga ya agogo ake. Za ndalama ya malata a khitchini ya amayi, ndituma kumapeto kwa mwezi uno tikalandira. Alamu anga muwathokoze chifukwa cha ufa ndi nyemba zomwe anapatsira mnyamata uja ulendo watha. Tinadya ndi anzathu a ku Ntcheu omwe timakhala nawo moyandikana, ndipo aliyense anafunsa kuti nyemba zimenezi n'zakuti.

Pagalaji timaweruka masana Loweruka. Muwapemphe amakaniko kuti tsiku loliza injini likhale Loweruka madzulo, mundiimbire pa vidiyo, ndimve nawo kulira kwake ndi kuona ma pushrod aja. Koma choyamba nditumizireni chithunzi cha kumbuyo kwa chigubu musanagule.

Moni kwa amayi, alamu, ana ndi onse akumudzi. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu.